Kodi amene analembedwa ntchito za umoyo nthawi ya korona ija anawasankha bwanji?

wa_ku_Limbuli

Abale ndili ndi funso limene landikhala pamtima kwa nthawi yaitali, dzulo tinatsala pang'ono kukangana pa maliro kwathu kuno chifukwa cha nkhani yomweyi, nde ndati ndifunse kuno mwina alipo amene anagwirako ku zaumoyo atithandize nzeru.

Mchemwali wanga wamng'ono anamaliza sukulu ya unamwino korona asanafike, mayeso a ku khonsolo ya anamwino anakhoza, layisensi ali nayo m'manja. Fizi yake tinalipira ndi ndalama za nanazi ndi za tiyi amene bambo amathyola m'kamunda kawo, ine mpaka ndinagulitsa njinga yamoto yomwe ndinkachitira kabaza. Korona atalowa mu April 2020 tinamva pa wailesi kuti boma lilemba anthu 2,000 a zaumoyo, tinati basi Mulungu wayankha. Anatumiza mapepala, anakwera minibasi kupita ku intavyu, dzina silinatuluke. Mu January 2021 zinthu zitaipa zija analengezanso kuti alemba ena 1,380, anayesanso, ziii. Mkati mwa nthawi imeneyi mwanayu amakagwira ulere pa chipatala china cha kuno, masiki kugula yekha, nsima ya masana kunyamula m'kontena kuchokera kunyumba, miyezi isanu ndi iwiri.

Pomwe mnyamata wina wa mudzi woyandikana nafe amene tonse timadziwa kuti Fomu 4 sinamuyendere bwino, tinangomuwona wavala chovala chowala chija ali pa tenti akuyeza anthu kutentha thupi, ndipo amalume ake amagwira mu ofesi ina yokhudzana ndi zomwezi. Sindikumuda mnyamatayo ayi, nayenso amafuna kudya. Koma ndikufuna kudziwa, amalemba ntchito anthu amenewa ndi ndani kwenikweni, unduna, khonsolo kapena bwana wa pa chipatala? Ndipo pa nthawi ya mliri ngati ija alipo amene amaona ngati munthu akuitha ntchitoyo, kapena bola dzina lalowa?

mlangizi_wakale_Thekerani

Mwana wanga pepani ndi za mchemwali wanuyo, zimawawa kuphunzitsa mwana movutika chotero kenako n'kumamuwona ali khale pakhomo. Ine ndagwira ntchito ya ulangizi wa zaumoyo, uja amati HSA, kuyambira ndili mnyamata mpaka kupuma, ndiye ndilankhula mbali imene ndikuidziwa.

Choyamba musasakanize, mchemwali wanu ndi mnyamata wa pa tentiyo samalimbirana mpando umodzi. Unesi ndi wina, ulangizi ndi wina, ndiye palinso aganyu amene amatengedwa mwezi umodzi kapena itatu ndi ndalama za mabungwe kuti aziyeza kutentha, kusambitsa anthu m'manja, kulemba maina pa chipata. Aganyuwa ndi amene nthawi zambiri amatengedwa mwa pakamwa, wakuti ali ndi mwana ali pakhomo, muitaneni mawa. Koma izi sizikutanthauza kuti ntchito yawo ndi yaing'ono, ndipo apa ndi pamene mtima wanga umawawa.

Ndinaimapo pa chipata china nthawi imeneyo ndikudikira kulowa, mnyamata akuyeza anthu ndi kamfuti koyezera kutentha kaja. Amaloza pa chipewa cha munthu osamuuza kuti avule, kamakina kakuonetsa 33, iye n'kulemba 33 m'buku, wotsatira. Munthu wamoyo woyenda ndi miyendo yake sangakhale pa 33 ameneyo, thupi la munthu limakhala cha pa 36 ndi 37, ndipo amene timamufuna ndi wa 38 kupita m'mwamba. Ndinamukokera pambali ndikumufunsa kuti mwana wanga anakuphunzitsa ndani, akuti anangondipatsa m'mawa wa tsiku loyamba n'kundiuza kuti dina apa. Mzere wonse uja unadutsa, odwala ndi abwino omwe, buku lodzaza bwinobwino ndipo madzulo lipoti linapita kuti tayeza anthu onse.

Chimodzimodzi mankhwala a kolorini. Kusungunula ufa wa kolorini uja amati HTH si kungothira ndi maso ngati shuga mu tiyi. Ife tinaphunzitsidwa nthawi ya kolera kuti wosamba m'manja ndi 0.05%, wokolopera pansi ndi kupukutira mabedi ndi 0.2%, wothira pa masanzi, chimbudzi cha wodwala ndi pa mtembo ndi 2%. Ukasokoneza, mwina uwotcha anthu manja n'kusiya kusamba, mwina uwapatsa madzi ongonunkha amene sapha kanthu. Kolera uja anayamba mu March 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 ndinaona ndi maso anga ndowa zina zosungunulidwa mwa chiyerekezo.

Ntchito yathuyi inayamba kale, akuluakulu athu anayamba ngati obaya katemera wa nthomba, kenako m'ma 1970 anali othandiza pa kolera, n'kudzakhala ma HSA. Maphunziro ake masiku athu omalizira anali masabata 12 munthu ali ndi MSCE, ndipo cholinga cha boma n'chakuti mlangizi mmodzi azisamalira anthu 1,000 ngakhale ine ndinkayenda midzi ya anthu oposa pamenepo kutali, kukwera mapiri a ku Thekerani ndi bokosi la katemera kumsana. Masabata 12 si ambiri koma amakusula, ndipo ukatuluka umayamba wayenda kumbuyo kwa wamkulu kaye. Nthawi ya korona chimene chinafa ndi chimenechi, kuyenda kumbuyo kwa wamkulu. Mukukumbuka mu June 2020 unduna utaitana anthu kuti angobwera ku intavyu ya ulangizi popanda kusankhiratu maina, anthu anakhamukira masauzande, ku Mzuzu anapondana mpaka ambiri kuvulala, pakati pa mliri woti anthu asathithikane. Mu chipwirikiti chotero mungamufunse munthu mafunso angati kuti mudziwe mtima wake ndi mutu wake?

kalaliki_wopuma

Achimwene a ku Limbuli, ine ndinagwirapo mu ofesi yoona za antchito, sinditchula kuti ndi kuti, ndiye ndiyankhe funso lanu loti amalemba ndani.

Bwana wa pa chipatala alibe mphamvu yolemba nesi pa ntchito yokhazikika ya boma, angathe kungopempha. Pamafunika kuti pakhale malo ovomerezeka kale pa mndandanda wa maudindo, a nthambi yoona za antchito a boma ku Lilongwe avomere, a Treasury anene kuti ndalama ya malipiro ilipo, kenako ma komishoni ndi amene amachititsa intavyu, Health Service Commission kapena Local Government Service Commission kwa amene akupita pansi pa makhonsolo. Zipatala za mishoni za pansi pa CHAM zili ndi njira yawo ngakhale malipiro ambiri amachokera ku boma komweko. Ndiye chimene chimachitika n'chakuti zipatala zikulira kuti tilibe anamwino, anamwino ali kunyumba akulira kuti tilibe ntchito, pakati pamene pali khomo lotseka lotchedwa ndalama ya malipiro. Mchemwali wanu sanali yekha, analipo ambiri amene anamaliza kale iye asanamalize ndipo anali pa mzere zaka. Ena mwa amene analowa nthawi ya mliri analowa pa kontirakiti ya ndalama za mabungwe akunja, itatha anabwereranso kunyumba.

Sindikunena kuti kukondera kulibe, ndingakhale wabodza. Kulipo ndipo ndinakuona. Kumalowera posankha maina oti aitanidwe ku intavyu, chifukwa pamenepo palibe amene akukuyang'ana, envulopu ya mwana wa wina imatha kungosowa. Kumalowera pa ntchito zapansi, alonda, okolopa, ochapa, oyendetsa galimoto, aganyu ngati mnyamata wanuyo. Telefoni imalira, wamkulu wina akuti pali mwana wanga kumeneko mumuwone, iwe uli ndi ana kusukulu, umatani.

Koma kwa ine kumene kunaola kwambiri si polemba, ndi posankha woti apite ku maphunziro. Kukabwera maphunziro a masiku atatu a kasamalidwe ka odwala korona, mndandanda umadzaza ndi a mu ofesi chifukwa kuli alawansi, munthu yemweyo sabata ino ali ku maphunziro a zovala zodzitetezera, sabata ya mawa ali ku a kuika maliro, sanakhudzepo wodwala chiyambire. Amene akukolopa masanzi mu wodi sanaitanidwe. Inu nonse munamva za K6.2 biliyoni ya korona, kafukufuku wa ndalamazo atatuluka mu April 2021 zinaoneka kuti zambiri zinathera ku ma alawansi ndi kugula zinthu mosatsata ndondomeko, anthu anamangidwa, nduna ya zantchito a Ken Kandodo anachotsedwa. Ndalama imeneyo ikanalipira anamwino angati amene anali khale ngati mchemwali wanu, muwerengere nokha.

mayi_a_ku_Luchenza

Ine nkhani za ma komishoni sindizidziwa koma ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso angawa. Amayi anga anadwala mu January 2021, sabata yomweyo imene tinamva kuti nduna ziwiri a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama amwalira tsiku limodzi, tinati ngati akufa anthu oterowo nanga ife. Anawagoneka pa chipatala china, sinditchula, ife oyang'anira odwala sankatilola kulowa nde ndinkaima panja pa zenera usiku wonse ndi chitenje kumutu, kuzizira, ndikuwaona akupuma ngati munthu wokwera phiri.

Usiku wachiwiri magetsi anathima, kamakina kopanga mpweya kaja kanayamba kulira kenako kanazima. Mu wodi munali nesi mmodzi yekha, kamtsikana, ndinamva mawa lake kuti anali atangoyamba sabata imeneyo. Anathamangira pa silinda ya okosijeni yomwe inali pakona koma kumanga chija chokhala ndi mawotchi pamutu pa silinda kunamukanika, manja akunjenjemera, akuyesa mbali iyi chikukana, tochi ya foni wailuma pakamwa, ine pa zenera ndikungofuula kuti amayi amayi. Amene anabwera ndi bambo ena achikulire ogwira ntchito yonyamula odwala ndi kukolopa, anatulutsa sipanala m'thumba la ovolosi, mphindi ziwiri zokha mpweya unayamba kutuluka. Anamugwira paphewa mtsikana uja n'kumuwonetsa pang'onopang'ono kuti umayamba apa, umamanga chonchi, kenako umatsegula pang'ono kaye.

Amayi anatisiya patapita masiku anayi. Mtsikana uja sindimuimba mlandu ngakhale pang'ono, ndinamuwona akulira kuseri kwa chitseko m'mawa, ndipo ndi yemweyo amene ankawamwetsa phala amayi ndi supuni pamene ena ankaopa kuyandikira. Setifiketi anali nayo ndipo mtima anali nawo. Amene anamuika yekha usiku mu wodi ya anthu opuma movutika asanamuwonetse silinda ndi amene ndimafuna nditamufunsa. Mpaka lero ndikamva kulira kwa kamakina kalikonse kotero m'mimba mumandiwotcha.

mwana_wa_ku_Chitakale

Madala a ku ofesi mwafotokoza bwino koma tiyeni tinene zoona, dziko lino popanda konekishoni sulowa. Ine ndinalemba ma apulikeshoni mpaka ndalama ya fotokope inandithera, anzanga amene analowa onse ndikhoza kukuuzani kuti uyu ndi wa ndani uyu ndi wa ndani. Komanso musaiwale kuti 2020 chinali chaka cha chisankho chobwereza cha pa 23 June, ntchito zinkalengezedwa anthu ali pa kampeni, nde mukuganiza kuti maina amachokera kuti

kalaliki_wopuma

Mwana wanga ukunena zimene unaona ndipo sindikutsutsa, ukali wakowo ndi womveka. Koma usanene kuti onse. Ndinakhalapo pa tebulo pamene mwana wa mlimi wopanda womudziwa aliyense anaposa onse ndipo analowa, chifukwa tsiku limenelo panali mayi wina wa komishoni amene sankalola kuti mapepala a malikisi atuluke m'chipinda asanasainidwe ndi onse. Ukawauza ana kuti onse amalowa ndi konekishoni amasiya n'kufunsira komwe, mipando n'kutsalira omwe ajawo.

nesi_wa_usiku

Ndawerenga zonse ndili pa shifiti, amayi a ku Luchenza pepani kwambiri, nkhani yanu yandikumbutsa zambiri zimene ndimayesa kuziiwala. Ine ndinali mu wodi nthawi imeneyo ndipo mu April 2020 ndinali m'gulu la amene tinanyanyala ntchito chifukwa cha kusowa zodzitetezera, anthu anatinena kuti ndife ouma mtima koma tinkauzidwa kuti tigwire wodwala ndi masiki imodzi ya tsiku lonse, ena eni nyumba anawathamangitsa, ma minibasi ena ankakana kutikweza akaona yunifolomu.

Za luso ndinene chonchi. Ku sukulu timaphunzira zambiri koma wodwala wosowa mpweya weniweni umamuphunzira pa bedi, kumugoneka chafufumimba kuti mapapo atseguke, kuwerenga kamakina kapachala koyeza mpweya m'magazi kaja n'kudziwa kuti akatsika pansi pa 90 usadikire, kudziwa kuti timachubu ta m'mphuno tili ndi malire ake ndipo pena pafunika masiki ya thumba, kuona shuga chifukwa ambiri amene tinataya anali a shuga ndi BP. Zimenezi munthu watsopano amazigwira msanga, masabata awiri atatu, ngati wamuphatikiza ndi wakale. Vuto linali loti akale ambiri anadwala nthawi imodzi, ena ali kwaokha kunyumba, nde watsopano amafika lero mawa ali yekha. Anthu analembedwa moto utayaka kale. Pakati pa funde loyamba la 2020 ndi lachiwiri la January 2021 panali miyezi imene zinthu zinazizira, nthawi imeneyo ndi imene tikanalemba ndi kuphunzitsa anthu modekha, koma tonse tinaganiza kuti zatha.

Kuno ku Thyolo tili ndi chitsanzo chakuti zimatheka. Nthawi imene Edzi inkatha anthu, a bungwe la madokotala lakunja la MSF pamodzi ndi a boma anaphunzitsa anamwino ndi alangizi ntchito zimene kale ankati ndi za madokotala okha, kuyeza magazi, kuyambitsa ndi kutsatira ma ARV mpaka m'zipatala zazing'ono za kumidzi, ndipo zinayenda chifukwa amabwera kudzaona mobwerezabwereza, kukhala nawe pansi, kutsegula kaundula wako n'kukufunsa kuti uyu bwanji sanabwere. Sankangokuphunzitsa n'kukusiya.

Komanso pali luso lina limene pa intavyu silioneka, kukhulupiridwa ndi anthu. Katemera atafika mu March 2021 mphekesera zinali ponseponse, mpaka mu May boma linawotcha katemera 19,610 amene anatha mphamvu asanabayidwe. Kumidzi kumene anthu anavomera kubayitsa ndi kumene mlangizi wake amakhala komweko, amapita nawo ku maliro, amalankhula Chilomwe ndi anganga, anayamba wabayitsa yekha pamaso pa amfumu. Munthu wotumizidwa kuchokera ku tauni chifukwa ndi mwana wa wakuti, wogona ku boma n'kumabwera kamodzi pa mwezi, sangazithe zimenezo ngakhale akhale ndi mapointi abwino bwanji.

Achimwene a ku Limbuli, mchemwali wanuyo asataye layisensi, aziikonzanso nthawi yake ikakwana, ndipo miyezi isanu ndi iwiri anagwira ulereyo akatenge kalata yosainidwa ndi amene ankamuyang'anira, imathandiza. Ayesenso ku zipatala za mishoni ndi za m'ma esiteti a tiyi. Ngati muli ndi umboni weniweni wa kukondera, ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo otere, pa ziphuphu pali ACB, ndipo lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020, mukhoza kulemba kalata kupempha kuti akuuzeni mmene intavyu inayendera. Ine chimene ndimalakalaka n'chakuti maina a opambana azimatidwa pa bolodi pamodzi ndi malikisi awo, aliyense aone, komanso pakhale mndandanda wa anamwino ndi alangizi amene ali kunyumba m'boma lililonse, odziwika kale ndi ophunzitsidwa kale, kuti tsiku la tsoka azingoitanidwa. Namondwe wa Freddy atagumula misewu ku Muloza mu March 2023 amene anathandiza masiku oyambirira ndi amene anali komweko, a kutali analibe podutsa.

mlangizi_wakale_Thekerani

Anesi mwanena za mndandanda, zimenezo n'zimene ndakhala ndikulankhula m'misonkhano ya komiti ya zaumoyo ya m'mudzi mwathu. Ife opuma tilipo ambiri m'midzimu, miyendo yatha koma kusungunula kolorini ndi kulondola amene anakhudzana ndi wodwala sitinaiwale. Nthawi yonse ya korona palibe anabwera kudzatifunsa kuti madala tithandizeni kuwaonetsa anawa, ndikanapita ngakhale popanda alawansi.

wa_ku_Limbuli

Zikomo nonse, ndamuwerengera mchemwali wanga zonsezi usiku uno pakhonde. Pa nkhani ya amayi a ku Luchenza anakhala chete nthawi yaitali kenako anati iyenso silinda anaiphunzira kwa bambo wina wokolopa nthawi imene ankagwira ulere ija, palibe wamkulu anamuwonetsapo. Amayi pepani, Mulungu akutonthozeni.

Za mnyamata wa pa tenti uja ndamvetsa tsopano kuti sanatenge malo a mchemwali wanga, ndipo ndikamuwona ndimufunsa ngati anamuphunzitsa kapena anangomupatsa kamfuti kaja. Koma za amalume akewo mtima wanga sunakhazikikebe. Pano mchemwaliyu akugwira pa kachipatala ka munthu wina, malipiro ake ochepa moti sakwana n'kubweza ngongole ya ku banki m'khonde imene tinatenga chaka chake chomaliza. Kalata ija anesi mwanena alibe, sitinkadziwa kuti imafunika, Lolemba tipita limodzi kukaipempha ngati amene ankamuyang'anirayo sanasamutsidwe. A kalaliki, kalata yopempha zotsatira za intavyu ya 2021 timalembera komishoni kapena khonsolo, ndipo zaka zadutsazi mapepala amenewo angakhale akadalipo?